Sipika Imodzi, Nyumba Ziwiri

Ndili ndi sipika imodzi yokha, yakuda,
yosweka pangodya, yomangidwa ndi waya.
Ndinaigula ku Kamwala chaka cha kolera chija
kwa munthu amene analumbira kuti ndi yatsopano.
Ndiyo munda wanga, ndilo khasu langa.

Disembala akalowa, Chawama sagona.
Loweruka ndimaikweza pa wilibala,
kulambalala zithaphwi mpaka ku bala ya Mai Dailesi.
Kumeneko nyimbo ya Mwana wa m'khola
aisokera ng'oma zina, aiveka nsapato zazitali,
anthu navina, botolo m'manja,
dzina la Yesu likusakanikirana ndi utsi wa michopo.
Lazalo, woitanira mabasi uja, analira.
Ndinamuona ndi maso angawa.
Akuti mayi ake ankaiimba ku Katete akupalira mtedza.
Unali mowa kapena Mzimu?
Sindinafunse. Ndinkayang'anira waya kuti asapondedwe.

Lamulungu m'mawa, sipika yomweyo.
Ndapukuta thovu, ndasasa phulusa la fodya,
ndaiimika pambali pa guwa.
A Sakala, mkulu wa mpingo, afika nainunkhiza:
"Chinthuchi chagona kuti?"
Pakamwa ndimati, "Kunyumba, akulu."
Mumtima ndimati: chagona kwa ochimwa,
kumene Mwini nyimboyo ankakonda kudyera.

M'tauni ndiye anayamba kale.
Novembala asanathe, masitolo a mu Cairo Road
akuimba za chisanu chimene sitinachiponde.
Bambo wina wavala ndevu za thonje, jasi lofiira,
thukuta kamukamu, belu m'manja,
akulalikira kuti mitengo yatsika.
Mwana wanga Tisa anandikoka malaya:
"Atate, Yesu anabadwira mu shopu iti?"
Ndinaseka, mpaka m'basi ndikusekabe.
Usiku tulo sitinabwere.

Tsono dzulo, usiku wa Khirisimasi,
kwaya itavala zoyera, kiyibodi itayatsidwa,
ine chala pa batani,
magetsi thi!
Mdima bii. Mvula wa-a pamalata.
Wina anatsonya. Khanda linalira kumbuyo.
Anyamata a kwaya anangoti kakasi,
pakuti anazolowera kutsatira makina
ngati nkhuku zotsata wamadeya.

Kenaka a Zelipa, ogulitsa makala aja,
amene sanasankhidwepo m'kwaya chibadwire,
anayambitsa.
Mawu osasa, okwera molakwika,
ngati chitseko chosowa mafuta.
Palibe anawakonza.
Amayi analandira, abambo anathira pansi pake,
ana analowa mochedwa, ena m'Chibemba,
wina m'Chitonga, nyimbo yomweyo,
mafoni akuunikira nkhope zonyowa.

Pakhomo panaima munthu, wanyowa chonyowa.
Ndinamudziwa ndi mawu: Lazalo,
mawu aja oitanira "Tauni! Tauni! Mmodzi watsala!"
akuimba besi, fungo la dzana lisanamuchoke.
A Sakala anatembenuka, anamuyang'ana nthawi yaitali.
Ndinati lero kuli mlandu.
Iwo anangosendera pa benchi,
pang'ono chabe, malo a munthu mmodzi woonda.

Ine ndinakhalira sipika yanga ngati mpando.
Koyamba m'zaka zisanu ndi ziwiri
ndinamva mawu a nyimboyo, lililonse palokha:
kuti kunalibe malo,
kuti oyamba kumva anali antchito ausiku,
onunkha nkhosa, osasamba, osaitanidwa.
Ndinkaganiza kuti ndine ndimanyamula nyimbo pa wilibala.
Kani imayenda yokha, ndi miyendo yake,
m'matope momwemo.

Magetsi anabwera titatseka kale pemphero.
Msungichuma anati ndalama sapereka,
sipika sinagwire ntchito.
Sindinakangane naye, ngakhale Tisa akufuna nsapato.

Lero Mai Dailesi atumiza mwana:
ndifike dzuwa lisanalowe, kuli anthu ambiri.
Ndipita.
Tayala la wilibala likulira, lifunika girisi.
Ndikukankha, ndipo ndadzipeza ndikung'ung'udza
m'mawu olakwika aja a a Zelipa.